Cunard: Kampani Imene Inkawolotsa Makalata, Osamuka ndi Asilikali pa Nyanja ya Atlantic

Pa 4 Julayi 1840, sitima yamatabwa yotchedwa Britannia inanyamuka padoko la Liverpool ku England ulendo wa ku Halifax, ku Canada wa lero, kenako ku Boston. Inali ndi matanga monga sitima zakale, koma mphamvu yake yeniyeni inali injini ya nthunzi imene inkazunguza mawilo awiri akuluakulu opalasa madzi, lina uku lina uku. Pamwamba anamangapo kakhola ka ng'ombe yamkaka, poti mafiriji kunalibe. Inafika ku Halifax patatha masiku 12 ndi maola 10. Apaulendo analimo, mwini kampani Samuel Cunard ali pakati pawo, koma chimene chinalipirira ulendowo chinali matumba a makalata a boma la Britain.

Ambiri akamva dzina la Cunard lero amaganiza za sitima zikuluzikulu mmene anthu achuma amadya atavala masuti. Zimenezo zilipo ndithu, koma si zimene zinaimika kampaniyi. Ine ndikaiona mbiri yake ya zaka zoposa 180, ndimapeza pangano limodzi likubwerezabwereza: pa mtendere boma la Britain linkapereka ndalama, nkhondo ikabuka kampani inkapereka sitima. Pakati pa awiriwa panali anthu wamba, osamuka ogona kunsi kwa sitima, othira malasha m'ng'anjo ndi asilikali, ndipo panganolo likafika pofuna moyo wa munthu, ambiri ofa ankachokera mwa iwowa.

Isanafike 1840, makalata opita ku America ankayenda pa sitima za matanga. Ulendo wolowera kumadzulo unali wolimbana ndi mphepo, unkatha mwezi kapena kuposa, ndipo palibe akanakuuzani tsiku lofika. Wamalonda wa ku Liverpool ankatumiza kalata yogulira thonje osadziwa kuti ikamafika mitengo idzakhala pati. Mu 1838 sitima ziwiri za nthunzi, Sirius ndi Great Western, zinaonetsa kuti injini ikhoza kuwoloka nyanja yonseyo, ndipo nthambi ya boma yoyang'anira asilikali apamadzi inaitana amalonda kuti apikisane pa kontrakiti yonyamula makalata. Anaipeza ndi Samuel Cunard, wobadwira ku Halifax mu 1787, yemwe ankachita malonda a matabwa, malasha ndi tiyi. Boma linalonjeza mapaundi 55,000 pa chaka. Ndalama zomangira sitima analibe zokwanira, choncho anapita ku Glasgow kwa katswiri wa mainjini Robert Napier, ndipo kumeneko anagwirizana ndi eni sitima ena, George Burns ndi David MacIver. Anamanga sitima zinayi zofanana, Britannia, Acadia, Caledonia ndi Columbia, kuti imodzi ikamanyamuka ina izikhala ikubwerera. Chimene ankagulitsa kwenikweni chinali tsiku lodziwika lonyamuka ndi lofika.

Popanda ndalama ya bomayo bizineziyi sikanapita patali, ndipo chifukwa chake ndi malasha. Britannia inkanyamula malasha oposa matani 600 kuti akwane ulendo umodzi, pamene malo a katundu wamalonda ankakwana matani 225 okha, ndipo apaulendo sankapitirira 115. Sitima yotere imadya zambiri kuposa zimene imabweretsa. Makampani oyamba amene anayesa kuwoloka Atlantic ndi nthunzi popanda kontrakiti ya makalata anagwa limodzilimodzi. Sitima zoyambazi zinamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland, komwenso zaka zoposa 100 pambuyo pake, mu 1949, kunapangidwa Ilala imene imayenda pa Nyanja ya Malawi. Amene anaonapo anthu a ku Likoma akuidikira padoko akhoza kumvetsa mmene mizinda ya ku America inkaonera sitima ya makalata.

A ku Boston anasonyeza zimenezi mu Febuluwale 1844. Kunazizira koopsa mpaka madzi apadoko anaundana, Britannia n'kutsekeredwa mkati. Amalonda a mumzindawo anasonkha ndalama zawo, nalemba anthu ganyu yodula madzi oundanawo ndi macheka ndi makasu okokedwa ndi akavalo, mpaka anatsegula njira yotalika makilomita pafupifupi 11. Ankaopa kuti sitimayo ikachedwa, Cunard asamutsira maulendo ake ku New York. Mantha awo sanali a chabe, chifukwa patangopita zaka zochepa kampaniyo inayambadi kupita ku New York, ndipo m'kupita kwa nthawi doko lalikulu linakhala limenelo.

Dziko la America silinakondwe kuona makalata ake ali m'manja mwa Angelezi. Mu 1850 Edward Knight Collins anayambitsa Collins Line, boma lake likumupatsa madola 385,000 pa chaka, kenako n'kukweza kufika 858,000. Sitima zake zinali zazikulu, zothamanga, zotentha mkati, ndipo apaulendo achuma anathamangira kumeneko. Akuluakulu a Cunard anakana kuthamangitsana naye mwachibwana. Malangizo awo kwa makaputeni anali oti liwiro si kanthu, chachikulu n'kukafikitsa sitima bwino n'kuibweza bwino. Mu Sepitembala 1854 sitima ya Collins yotchedwa Arctic, ikuthamanga mu nkhungu pafupi ndi Newfoundland, inaombana ndi sitima ya ku France yotchedwa Vesta. Anthu oposa 300 anafa, kuphatikizapo mkazi wa Collins ndi ana ake awiri. Palibe mkazi kapena mwana ngakhale mmodzi amene anapulumuka, chifukwa amalinyero ndi amuna amphamvu analanda mabwato. Mu 1856 sitima ina, Pacific, inanyamuka ku Liverpool ndipo sinaonekenso. Aphungu a ku America anadula thandizo la ndalama lija, ndipo mu 1858 kampaniyo inatha.

Nthawi yomweyo Cunard anali atayamba kale kubweza ngongole yake ku boma. Britain italowa nkhondo ya ku Crimea mu 1854, sitima zake zambiri zinachotsedwa pa Atlantic kukanyamula asilikali ndi akavalo, ndipo mu 1859 Samuel Cunard anapatsidwa ulemu wa u-Sir. Anamwalira mu 1865.

Kusamala kumene kunapulumutsa kampaniyi kunatsala pang'ono kuipha. Inakakamira mawilo opalasa madzi mpaka 1862, anzake atasamukira kale ku pulopela ya kumbuyo, imene imadya malasha ochepa n'kusiya malo ambiri pakati pa sitima. Malo amenewo ndi amene anali ndi ndalama, chifukwa Ulaya anali akusamuka. Njala ya mbatata ku Ireland m'ma 1840, umphawi ku Scandinavia ndi ku Italy, kuzunzidwa kwa Ayuda mu ufumu wa Russia, zonsezi zinkakankhira anthu miyandamiyanda ku America. Inman Line inayamba kunyamula osamuka pa sitima za nthunzi mu 1852, White Star Line inabwera ndi sitima zamakono mu 1871, ndipo Cunard inatsalira mpaka inadzikonzanso mu 1879 n'kuyamba kugulitsa masheya. Mu 1881 inatulutsa Servia, sitima yachitsulo cholimba yokhala ndi magetsi.

Osamukawa ankagona kunsi, m'zipinda zikuluzikulu zokhala ndi mabedi osanjikizana, amuna kwaokha, akazi kwaokha. M'zaka zoyamba munthu ankabwera ndi matiresi ake, mbale ndi kapu. Nyanja ikakalipa zitseko za pamwamba ankatseka, anthu mazanamazana n'kumasanza m'chipinda chopanda mpweya. Aliyense ankalipira pang'ono, koma ankatenga malo ochepa ndipo chakudya chake sichinali chodula, motero phindu la kampani linkachokera kwa iwo kwambiri. Akafika ku New York, a kalasi yoyamba ndi yachiwiri ankayezedwa mwachidule m'sitima momwemo n'kutsika. A kalasi yachitatu ankawatengera ku chilumba cha Ellis Island, chomwe chinatsegulidwa mu 1892 ndipo mu 1907 mokha chinalandira anthu oposa 1 miliyoni. Kumeneko dokotala ankatembenuza chikope cha munthu ndi kachitsulo kokowa kufunafuna matenda a maso otchedwa trachoma, ndipo wokayikitsa ankamulemba chizindikiro cha choko pamalaya. Pafupifupi anthu awiri pa 100 alionse ankabwezedwa, ndipo lamulo linkati kampani imene yamubweretsa imubweze ndi ndalama zake. N'chifukwa chake makampani anayamba kuyeza anthu asanakwere. Banja linkatha kugulitsa munda ndi ziweto, kufika padoko, n'kuuzidwa kuti mwana mmodzi sakwera.

Cunard inakasaka osamuka mpaka kum'mwera kwa Ulaya. Inapangana ndi boma la Hungary zowanyamula kuchokera padoko la Fiume, lomwe lero ndi Rijeka ku Croatia. Imodzi mwa sitima za njira imeneyi inali Carpathia, sitima wamba yosathamanga. Usiku wa pa 15 Epulo 1912, ili pa ulendo wochokera ku New York, inamva pa wailesi kuti Titanic ya White Star ikumira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Kaputeni Arthur Rostron anaitembenuza, nalamula kuti nthunzi yonse yotenthetsera zipinda ipite ku injini, nadutsa pakati pa mapiri a madzi oundana mumdima. Anatola anthu oposa 700, ndipo opulumuka onse a pangoziyo ndi amenewo.

Koma tibwerere pang'ono, chifukwa pangano lalikulu la boma ndi kampaniyi linachitika zaka zingapo Titanic isanamire. Mu 1897 Ajeremani anatulutsa Kaiser Wilhelm der Grosse, imene inalanda ulemu wa sitima yothamanga kwambiri pa Atlantic, ulemu wotchedwa Blue Riband. Kenako mu 1902 mwini mabanki wa ku America, J. P. Morgan, anayamba kugula makampani a sitima n'kuwaphatikiza, White Star ili momwemo. Ku London madzi anafika m'khosi: Cunard ikagulidwanso, nkhondo itabuka Britain akatenga kuti sitima zothamanga? Boma linabwereketsa kampaniyo mapaundi 2.6 miliyoni pa chiwongoladzanja chochepa cha 2.75 peresenti, n'kuwonjezera mapaundi 150,000 chaka chilichonse. Mfundo zake zinali zomveka: kampani ikhalebe ya Angelezi, ndipo sitima ziwiri zomangidwa ndi ndalamazo zipangidwe moti zikhoza kuikidwa mizinga. Sitimazo zinali Lusitania ndi Mauretania, zimene zinayamba ntchito mu 1907 ndi mainjini atsopano a turbine a Charles Parsons. Mauretania inafika liwiro la makilomita pafupifupi 48 pa ola mu 1909, ndipo panalibe woipitirira mpaka 1929.

Liwiro limenelo linali pa misana ya anthu. Sitima iliyonse mwa ziwirizi inkadya malasha pafupifupi matani 1,000 pa tsiku, ndipo onsewo ankathiridwa m'ng'anjo ndi mafosholo. Amuna mazana angapo, ambiri ochokera m'madera osauka a ku Liverpool, ankagwira maola anayi n'kupuma asanu ndi atatu, usana ndi usiku, ena akukankha mawilibala a malasha sitima ikupendamapendama, ena akutakasa moto ndi zitsulo zazitali. Apaulendo a pamwamba sankawaona n'komwe.

Mu Febuluwale 1915 Germany inalengeza kuti nyanja yozungulira Britain ndi bwalo la nkhondo. Lusitania inapitirizabe kunyamula anthu. Tsiku limene inanyamuka ku New York, pa 1 Meyi, ofesi ya kazembe wa Germany inaika chenjezo m'manyuzipepala lakuti okwera sitima za Britain akudziika okha pangozi. Ambiri anakwerabe, pokhulupirira kuti sitima yothamanga chotero palibe angaipeze. Komatu chipinda chimodzi cha ng'anjo chinali chozimitsidwa pofuna kusunga malasha, motero liwiro lake linali litatsika. Pa 7 Meyi masana, pafupi ndi gombe la kum'mwera kwa Ireland, sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi yotchedwa U-20 inaiombera bomba limodzi la torpedo. Kunamveka kuphulika kwachiwiri mkati, sitima inapendekera mbali imodzi moti mwa mabwato 48 opulumukira, 6 okha ndi amene anatsitsidwa bwino, ndipo pa mphindi 18 inali itamira. Anthu pafupifupi 1,200 anafa, 128 mwa iwo a ku America, ndipo ana analipo ambiri. Mitembo yambiri inaikidwa m'manda a anthu ambirimbiri ku Queenstown, tauni imene lero ndi Cobh.

Germany inadziteteza ponena kuti sitimayo inanyamula zida. Mizinga inalibe, koma kunsi kwake kunalidi zipolopolo za mfuti zoposa 4 miliyoni, zolembedwa pa mapepala a katundu. Kumiza sitima yodzaza anthu wamba popanda kuwapatsa mpata wotsika ndi mlandu umene sungachepetsedwe, ndipo wolakwa ndi amene anaombera. Koma ine sindingawachotsere mlandu amene analola kuti makanda agone pamwamba pa mabokosi a zipolopolo, n'kuisiya sitimayo kulowa m'madzi oopsa popanda yoiperekeza. Akuluakulu a asilikali apamadzi anayesa kukankhira zonse kwa kaputeni William Turner, koma kafukufuku wa boma anamupeza wosalakwa. America sinalowe nkhondo nthawi yomweyo, inalowa mu 1917, koma mitima ya anthu ake inatembenukira pamenepa.

Nkhondo itatha, kampani inali itataya sitima pafupifupi 20, Carpathia ili m'gulu lomwelo. Inapatsidwa sitima yaikulu ya Ajeremani, Imperator, n'kuitcha Berengaria. Sitima zikuluzikulu zinasiya malasha n'kuyamba mafuta, ndipo othira malasha ambiri ntchito inawathera pomwepo. Kenako America inatseka chitseko: malamulo a 1921 ndi 1924 anachepetsa kwambiri chiwerengero cha osamuka, makamaka a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Ulaya. Zipinda za kunsi zija anazikonza n'kuyamba kuzigulitsa kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku America ofuna kukaona Ulaya motchipa.

Mu Disembala 1930 kampani ya John Brown ku Clydebank, ku Scotland, inayamba kumanga sitima yaikulu imene inkangodziwika ndi nambala yakuti 534. Patatha chaka chimodzi chuma cha dziko lonse chinali chitagwa, Cunard ndalama zinaithera, ndipo ntchito inaima Khirisimasi ili pafupi. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, ndipo kwa zaka zoposa ziwiri chigoba cha sitimayo chinangokhala chikuchita dzimbiri pamwamba pa nyumba za tauniyo. Boma linalowereranso, ulendo uno ndi ngongole yofika mapaundi 9.5 miliyoni, koma linati Cunard iphatikizane ndi White Star, imene nayonso inali ikumira m'ngongole. Mu 1934 kunabadwa Cunard White Star, Cunard itatenga magawo 62 pa 100. Sitima 534 inatsitsidwa m'madzi pa 26 Sepitembala chaka chomwecho n'kupatsidwa dzina lakuti Queen Mary, ndipo inayamba ulendo woyamba pa 27 Meyi 1936. Inalimbirana Blue Riband ndi Normandie ya ku France mpaka inaitenga mu 1938 n'kuisunga kufikira 1952. Inzake, Queen Elizabeth, inamalizidwa nkhondo yachiwiri itayamba kale, ndipo mu Malichi 1940 inazembera ku New York mwachinsinsi, itapakidwa penti yotuwa.

Apa ndi pamene boma linakolola zimene linafesa. Sitima ziwirizi zinkanyamula asilikali pakati pa Australia, Suez ndi Britain, zikudutsa ku Cape Town, kenako zinayamba kuwolotsa asilikali a ku America. Mu Julayi 1943 Queen Mary inanyamula anthu 16,683 pa ulendo umodzi, asilikali akugona mosinthana pa mabedi. Chitetezo chake chinali liwiro ndi kuyenda mokhotakhota, ndipo lamulo linali loti isaime zivute zitani. Pa 2 Okutobala 1942, kumpoto kwa Ireland, inaomba sitima yankhondo imene inkaiperekeza, HMS Curacoa, n'kuidula pakati. Sinaime. Amalinyero oposa 330 anafa, ndipo nkhaniyo inabisidwa mpaka nkhondo itatha.

Ngozi yoopsa kuposa zonse imakumbukiridwa ndi anthu ochepa. Pa 17 Juni 1940 sitima ya Cunard yotchedwa Lancastria inali pafupi ndi Saint-Nazaire ku France, ikutenga asilikali a Britain ndi anthu wamba othawa Ajeremani. Inamangidwa kuti izinyamula anthu pafupifupi 2,000, koma tsiku limenelo analowamo oposa 5,000. Ndege za Ajeremani zinaiponyera mabomba ndipo inamira m'mphindi pafupifupi 20, mafuta atayanderera pamadzi. Anthu osachepera 3,000 anafa, kuposa a pa Titanic ndi Lusitania kuwaphatikiza. Winston Churchill analetsa manyuzipepala a ku Britain kulemba nkhaniyo, ndipo mabanja ambiri anakhala nthawi yaitali osadziwa kumene ana awo anathera.

Zaka za pambuyo pa nkhondo zinali za phindu lalikulu. Kuyambira 1947 Queen Mary ndi Queen Elizabeth zinkasinthana sabata iliyonse pakati pa Southampton, Cherbourg ndi New York, ulendo wa masiku asanu, ndipo dzina la White Star linachotsedwa pofika 1950. Zinangotha zaka khumi zokha. Mu Okutobala 1958 ndege za jeti, Comet ya kampani ya ku Britain ya BOAC ndi Boeing 707 ya kampani ya ku America ya Pan Am, zinayamba kuwoloka Atlantic m'maola ochepa, ndipo cha m'nthawi yomweyo oyenda pandege anaposa oyenda pamadzi. Cunard inayesa kulowa m'bizinezi ya ndege, mpaka kugwirizana ndi BOAC mu 1962, koma inatulukamo mu 1966. M'nyengo yozizira sitima zija zinkatha kuwoloka antchito ali ambiri kuposa apaulendo. Queen Mary inagulitsidwa mu 1967 ku mzinda wa Long Beach ku California, komwe ili mpaka lero ngati hotela. Queen Elizabeth inapsa padoko la Hong Kong mu Januwale 1972 akuikonza kuti ikhale yunivesite yoyandama.

Mbali ya katundu imaiwalika kawirikawiri, chonsecho inali yaikulu. Kudzera m'makampani amene inagula, monga Port Line ndi Brocklebank, Cunard inkanyamula nyama ndi ubweya wa nkhosa kuchokera ku Australia ndi New Zealand, tiyi ndi jute (ulusi wopangira matumba) kuchokera ku India. Makontena atabwera m'ma 1960, sitima zakale zopakiridwa ndi manja zinatha ntchito, ndipo zatsopano zinali zodula moti kampani imodzi sikanakwanitsa. Cunard inalowa m'gulu la makampani a ku Ulaya lotchedwa Atlantic Container Line. Imodzi mwa sitima zake za m'gululi, Atlantic Conveyor, inatengedwa ndi boma mu 1982 pa nkhondo ya ku zilumba za Falkland, limodzi ndi Queen Elizabeth 2, sitima ya apaulendo imene inayamba ntchito mu 1969. Pa 25 Meyi mizinga ya Exocet ya ndege za Argentina inaomba Atlantic Conveyor. Anthu 12 anafa, kaputeni Ian North ali m'gulumo, ndipo mahelikopita ambiri amene inanyamula anapsa, moti asilikali ambiri a Britain anadutsa chilumbacho wapansi. Pofika mu 1996, Cunard inali itasiyiratu za katundu.

Umwini nawo unasintha manja kangapo: Trafalgar House mu 1971, Kvaerner ya ku Norway mu 1996, kenako Carnival ya ku America kuyambira 1998. Zimene boma linakana m'masiku a Morgan zinachitika popanda wokweza mawu, chifukwa asilikali anali atayamba kuyenda pandege ndipo makalata nawonso chimodzimodzi. Carnival inamangitsa Queen Mary 2 ku Saint-Nazaire, pafupi ndi pamene Lancastria inamira, ndipo inayamba ntchito mu 2004. Queen Victoria, Queen Elizabeth watsopano ndi Queen Anne, imene inabwera mu 2024, zinamangidwa ku Italy ndipo ntchito yake ndi yoyendetsa alendo okaona malo. Kuyambira 2011 sitima za Cunard zimalembetsedwa ku Hamilton, ku Bermuda. Kampani inati ikufuna kuti maukwati azitha kuchitikira panyanja, pamene mabungwe a amalinyero anaona kuti nkhani yagona pa malamulo a malipiro a ku Britain, poti antchito ambiri a m'sitimazi amachokera kumayiko ngati Philippines ndi India. Queen Mary 2 ndi sitima yokhayo padziko lonse imene imawolotsabe anthu pa ndandanda pakati pa Southampton ndi New York, ndipo ulendo wake umatenga mausiku asanu ndi awiri.